Za Kuseka Kwako pa Maliro a Amayi Ako

Phalula,
Loweruka masana.

Sitela mwana wanga,

Lero ndatseka makina msanga. Anthu awiri abwera ndi nsalu zawo ndawabweza, ndawauza kuti telala sakupeza bwino, ngakhale palibe pamene pakundiwawa. Iwe wapita ku Rivirivi kukatsanzika azakhali ako, ndiye ndati ndipezerepo mpata wolemba kalata iyi usanabwere. Ndiiika m'thumba la mkati la jekete ndakusokera ija. Ku Mzuzu amati kumazizira, choncho sipatha sabata usanaipeze. Ukaipeza uwerenge yonse, usadumphe, ngakhale kalembedwe kanga nkoipa. Unazolowera kundiona ndikulemba manambala a m'chiuno ndi a m'mapewa okha, lero uona kuti nanenso ndimatha kudzaza mapepala.

Choyamba ndikuuze kuti mtima wanga uli m'malo. Zaka zitatu zapitazi sindinkakhulupirira kuti tsiku ngati la mawa lidzafika, loti ndikunyamulire chikwama mpaka pamsewu, iwe n'kukwera basi kupita ku sukulu ya ukachenjede. Dzulo ndinakumva ukuseka ndi anzako kuseri uku mukuchapa, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kofanana ndi kwa amayi ako. Ndinasiya kuponda makina n'kumangomvetsera. Ndapuma, mwana wanga. Ndinkaopa kuti ndinakuwononga, koma Mulungu sanalole kuti kupusa kwanga kufike pamenepo.

Malangizo wapatsidwa kale ambiri sabata ino. Amayi a mu mphakati wa kutchalitchi akuuza za anyamata, akatekisiti akuuza za kupemphera, amalume ako akuuza kuti usakaiwale kwanu. Zonsezo nzoona, uzisunge. Ine nzeru ndilibe zambiri, chimene ndili nacho chochuluka ndi zolakwa. Ndiye ndikupatsa zomwezo kuti upite nazo, mwina zikakuthandiza kuposa m'mene zinandithandizira ine.

Ndiyambire pa tsiku la maliro, popeza iwe ndi ine sitinakhalepo pansi n'kukamba za tsikulo. Amayi ako anagwa pabenchi lawo la matimati Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Lachinayi tinawaika. Ukukumbukira kutentha kwake, ndi anthu amene anadzaza bwalo mpaka m'munda. Itafika nthawi ya mbiri ya malemu, amalume ako a Fabiyano anaimirira ndi pepala n'kuyamba kuwerenga mokweza kuti malemuwa anali mayi wofatsa, wa mawu ochepa, amene sanayambanepo ndi munthu chibadwireni. Amayi ako amenewo, amene ankati akakalipira kondakitala kuno ku Phalula, a ku Balaka ankamva. Anthu anangoweramitsa mitu, poti pamaliro bodza lotere timalimeza. Koma amalume ako atafika poti malemuwa anali mzati wa kwaya, ndipo mawu awo okoma adzasowa m'tchalitchi, iwe unalephera kupirira. Tonse tinkadziwa kuti a kwaya anawapempha mwaulemu amayi ako kuti azingoomba m'manja. Unayesa kutseka pakamwa ndi chitenje koma kuseka kunakana, mpaka azimayi awiri anakudzutsa pafupi ndi bokosi n'kukukokera m'nyumba.

Cholakwa changa choyamba ndinachita titangobwera kumanda, kuseri kwa nyumba, azakhali ako akumva. Ndinali nditamva kale manong'onong'o akuti mwana woseka pa bokosi la mayi ake ndiye kuti akudziwapo kanthu pa imfayo. M'malo moti ndikatseke pakamwa anthu amenewo, ndinabwera kwa iwe. Ndinanena kuti mwana woseka pa maliro a mayi ake si wanga. Unangondiyang'ana, maso ali otupa, ndipo ndi pamene ndinaona kuti unali utalira kwambiri kuposa tonse, koma mawu anali atatuluka kale. Umve bwino, Sitela: ukachita manyazi pagulu, kapena mtima ukakupsa, usalankhule tsiku lomwelo. Ugone kaye. Msoko wolakwika ndimaumasula n'kusokanso, koma mawu aja ndakhala nawo zaka zitatu osadziwa pogwira.

Cholakwa chachiwiri chinatenga chaka ndi miyezi, ndipo nthawi yonseyo ndinkachiyesa chinthu chabwino. Unasiya kulankhula. Unkadzuka, kusesa, kuphika, kundigwadira ndi madzi osamba m'manja, mawu ako ali "inde bambo" ndi "iyayi bambo" basi. Zofunsira malo ku sukulu unazisiya, wailesi sunkayatsa, anzako akabwera unkawatumizira mawu akuti wagona. Azimayi ankandiuza kuti mwana wanu wasintha, wakhala waulemu, maliro amuphunzitsa. Ine chitsiru ndinkavomera n'kumathokoza. Masiketi ako ndinawabweza m'chiuno kawiri osadzifunsa chifukwa chake, ine amene ndimadziwa ndi tepi munthu aliyense amene wawonda kapena kunenepa pa Phalula pano. Ndinkakuona ukulemba m'makope pansi pa mtengo wa mango, n'kumati ukubwereza za sukulu. Ngakhale tsiku limodzi sindinakufunse kuti mwana wanga, mumtimamo muli bwanji. Kumene ukupitako ukagona chipinda chimodzi ndi ana a eni. Ukaona mnzako wangoti zii masiku angapo, usanene kuti ndi wofatsa. Mufunse, ngakhale akukalipire. Nawenso zikakuvuta usadzabwererenso ku chete uja. Imba foni, lira, dandaula, ngakhale kundinena ndine ndemwe, ndidzamvetsera.

Kenako linabwera buku. Aphunzitsi ako akale a Chichewa ndi amene anatenga makope aja n'kuwatumiza ku mpikisano, ndipo tsiku lina katoni inatsika m'minibasi yochokera ku Blantyre, dzina lako lili pachikuto. Unandipatsa limodzi ndi manja awiri. Ndinathokoza n'kuliika m'dirowa ya makina, m'mene mumakhala mabatani ndi mazipi, poganiza kuti ndiwerenga Lamulungu. Lamulungulo lisanafike, munthu wina anandiuza kuti bukulo likukamba za mtsikana wotchedwa Esinala amene anaseka pa maliro a mayi ake, ndipo ndi loseketsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinati mwanayu watenga manyazi athu n'kukawayanika pamsewu kuti aliyense wodutsa aziona. Bukulo linakhala m'dirowamo miyezi isanu ndi iwiri osatsegulidwa, ndipo chimenecho ndicho cholakwa changa chachitatu.

Iwe sudziwa zimene ndinamva pakhonde pano m'miyezi imeneyo. Pamaso pako anthu ankangoti wakhoza mwana. Zenizeni ankadzanena kwa ine nditawazunguliza tepi m'chiuno, poti munthu akamayezedwa pakamwa pake pamamasuka. Akatekisiti anati anaseka mpaka akazi awo anawafunsa ngati ali bwinobwino, koma anadandaula kuti ulaliki wa m'bukumo unautalikitsa dala, iwo sanafikepo maola awiri. Aphunzitsi ena aakulu anati si buku loyenera ana a sukulu, chifukwa ayamba kuseka m'maliro. Atamaliza kudandaula anandifunsa ngati ndili ndi lina lapadera, poti lawo mlamu wawo anabwereka osabweza. Kondakitala wina, wobwera kudzaikitsa zipi, anati nkhani ndi yabwino koma mathero ake ndi ozizira, mtsikanayo akanakwatiwa, makamaka ndi kondakitala. Bambo wina wachikulire ananena kuti mwana wamkazi wolemba zoterezi sadzapeza banja, amuna azimuopa. Ngakhale ndinali nditakukwiyira, ameneyo ndinamusokera thalauza lothina, ndipo sindinalape mpaka lero.

Oopsa anali anzawo a amayi ako a pamsika. Ambiri mwa iwo kuwerenga kumawavuta, ndiye mmodzi ankawawerengera mokweza minibasi zikachepa masana. Anakangana sabata yathunthu kuti mayi wogulitsa anyezi wa m'bukumo, uja amabisa anyezi owola pansi pa mulu, ndani mwa iwo. Aliyense ankaloza mnzake. Dandaulo lawo lalikulu linali loti amayi ako unawachepetsa, zimene ankawauza makondakitala zinali zoposa zimene unalemba. Panalinso ena, makamaka a m'mudzi mwathu muno, amene ankangodutsa osapereka moni, ndipo ndinkadziwa chimene akunena kumbali.

Ine pa zonsezi ndinkangogwedeza mutu, mapini ali kukamwa. Wotamanda akabwera ndinkanyada pang'ono, wonyoza akabwera ndinkakukwiyira, ndipo onsewo ankaganiza kuti akulankhula ndi munthu amene anawerenga. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndinali kandimverere wa buku la mwana wanga, buku lili pafupi ndi bondo langa tsiku lililonse. Usadzachite zimenezi, Sitela. Ku sukuluko udzamva zambiri, zakuti mphunzitsi uje ndi woipa, mtsikana uje ndi wotere. Kaone wekha kaye. Ndipo popeza wasankha ntchito yolemba, udziwe kuti walira mvula walira matope. Anthu adzakamba, ena atawerenga, ena asanawerenge ngati bambo ako. Usamatupe akakutama, usamasiye kudya akakunyoza.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku Ulongwe, dzina lawo Abiti Yusufu. Tsikulo iwe unali ku Balaka, ndipo ndinangokuuza kuti kunabwera munthu wokufuna, osakuuza zonse. Anakwera minibasi ziwiri atanyamula nsalu ya diresi, ngati kuti ku Ulongwe konse kulibe telala. Ndikuwayeza anandiuza chimene anabwerera. Mwana wawo wamkazi, wa msinkhu wako, mwamuna wake anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto. Masiku okhala m'nyumba amene chipembedzo chawo chimalamula anatha, koma iye osatulukabe, osadya, osalankhula. Mnzake wina anamubweretsera buku lako. Tsiku lachiwiri mayiwo ali panja anamva mwana wawo akuseka m'chipinda, ndipo anathamanga poganiza kuti mutu wasokonekera. Anamupeza akuseka uku misozi ikutsika. Madzulo ake anapempha phala.

"Ndabwera kudzaona bambo amene analera mwana wolemba zimenezi," anatero. "Nanga inuyo, che telala, panakukomerani kwambiri ndi pati?"

Ndinati lonse ndi lokoma. Anandiyang'ana, tepi ili paphewa pawo.

"Simunawerenge," anatero. "Pepani bambo, ndine mlendo, koma muli ndi mwana wanzeru ndipo inu mukuchita zopusa."

Palibe munthu amene anandilankhulapo choncho chimwalirire amayi ako, ndipo ndikuuze zoona, zinandikomera. Atangokwera minibasi ndinatsegula dirowa.

Linanditengera masiku atatu, poti ndimawerenga ndi chala. Ndinaseka, mwana wanga. Ndinaseka pamene mbuzi inadya nkhata yamaluwa ya a mpingo, ndi pamene azimayi awiri ankapikisana kulira koma onse n'kusiya nthawi imodzi tiyi atafika. Zonsezo zinachitikadi, ndinaziona ndi maso anga tsiku lija, koma sindinkadziwa kuti munthu amaloledwa kuzikumbukira. Kenako ndinafika pamene Esinala wapita pabenchi la mayi ake patatha sabata, minibasi n'kuima, kondakitala n'kufuula kuti amayi aja ali kuti masiku ano, bwanji sakutinena. Esinala amamukalipira ndi mawu a mayi ake enieni, anthu onse m'minibasi n'kuseka, ndipo ikachoka iye amakhala pansi kuseri kwa benchi osatha kudzukanso. Pamenepo ndinatseka buku n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinalira koyamba chiikireni amayi ako. Pamaliro paja ndinali wotanganidwa ndi kuoneka bwino pamaso pa anthu, moti mkazi wanga ndinamulira patatha zaka ziwiri, ndipo wondithandiza kulira unali iwe.

Koma tsamba lililonse ndinkalitsegula ndi mantha, poyembekeza kupeza mawu anga aja a kuseri kwa nyumba. Sindinawapeze. Bambo ake a Esinala ndi munthu wachete wokonza njinga, amene pobwera kumanda amangomupatsa mwana wake kapu ya madzi. Aliyense unamuseka m'bukumo, akatekisiti, adzukulu okumba manda, amalume ako, ngakhale iwe mwini. Ine ndekha unandisiya. Sindikudziwa ngati unali utandikhululukira, kapena mawuwo anali olemera moti cholembera chinakana. Sindinakufunse chifukwa ndinkaopa yankho. Ndinangokuuza pa chakudya kuti ndawerenga, ndi labwino, ndipo iwe unati zikomo bambo. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kucheza pang'onopang'ono, ndipo ndinakondwa, ngakhale ndinkadziwa kuti chachikulu sindinanene.

Nditawerenga ndinalakwitsanso, nthawi ino chifukwa cha chimwemwe. Ukudziwa kuti azakhali ako a Marita analiwerenga masamba khumi okha n'kulibweza. Ine, munthu wa dzulodzulo pa kuwerenga, ndinakwera njinga mpaka ku Rivirivi kuti ndikawasinthe maganizo. Ndinakhala pakhonde pawo n'kuyamba kuwawerengera za mbuzi ija. Anandisiya ndimalize, kenako anati:

"Achimwene, ine ndaika ana atatu. Palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndinaonapo choseketsa."

Analowa m'nyumba, ine n'kutsala ndi buku m'manja. Ndinabwerera ndi manyazi. Mankhwala amene anachiza mwana wa ku Ulongwe, kwa mlongo wanga anali tsabola pabala. Onse awiri akunena zoona. Choncho ukakumana ndi munthu amene buku lako lamupweteka, usatsutsane naye, usamufotokozere chimene unkatanthauza. Ugwade, umve, uthokoze. Azakhali akowo sadzalikonda bukulo mpaka kalekale, koma iwe amakukonda. Mtedza uli m'chikwama chakowo anakazinga ndi iwo, ndipo anandiuza kuti ndisakuuze.

Pali zina zazing'ono zimene ndingaiwale. Uzidya m'mawa, ngakhale uchedwe. Singano ndi ulusi wakuda ndi woyera ndaika m'kathumba ka m'mbali, batani likathothoka usakapereke kwa telala wa kumeneko, ungandichititse manyazi. Pakamwa pako ndi pa amayi ako, ndipo ndikuthokoza kuti pabwerera, koma kwa eni ukayambe wamvetsera. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Anthu a kumpoto ali ndi chilankhulo chawo ndi miyambo yawo, ukaphunzire moni wawo sabata yoyamba. Makolo athu anabwera kuno kuchokera ku Mozambiki opanda kanthu, ndipo analandiridwa chifukwa ankadziwa kupereka moni ndi kugwira khasu. Ukaona munthu woseketsa n'kufuna kumuika m'buku, umusinthe dzina ndi ntchito monga unachitira ine. Za anyamata sindinenapo, amayi a mu mphakati anamaliza zonse.

Tsopano ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira chiyambireni kalata iyi.

M'buku lako, amene amalemba ndi kuwerenga mbiri yabodza ija ndi malume ake a Esinala, a Gandali. Ukudziwa kuti pano ngakhale ana amawaitana amalume ako a Fabiyano kuti a Gandali. Nditamaliza kuwerenga ndinapita kwawo. Amenewa ndi munthu amene, amayi ako atamwalira, abale ena akunena kuti mkamwini asudzulidwe azipita kwawo, anakana n'kunena kuti ndikhale pamudzi pano ndilere mwana. Ndinkayembekeza kuwapeza atakwiya. Ndinawapeza akusema mpini, ndipo anayamba ndi iwo.

"Alamu, buku lija ndi labwino, ndinawerenga kawiri. Koma mwanayo wandinamizira chinthu chimodzi. Akuti jekete yanga inali ndi batani limodzi. Anali awiri, ndipo munasoka ndinu."

Tinaseka. Kenako anaika mpini pansi.

"Dzina la Gandali silindilemera, ndisenza mpaka kumanda. Koma mwanayo asadzachoke pakhomo pano asakudziwa amene analemba pepala lija."

Sitela, mbiri ija ndinalemba ndine. Amalume ako anangowerenga.

Lachitatu masana, anthu ali pikitipikiti kukonza za maliro, amalume ako anandipatsa pepala ndi cholembera, nati mwamuna wake ndinu, mumamudziwa kuposa tonse. Ndinakhala pansi pa mango paja nthawi yaitali osalemba liwu ndi limodzi lomwe. Chimene chinkabwera m'mutu ndi mawu awo okalipa, kuseka kwawo kogwedeza nyumba, tsiku limene anathamangitsa wakuba matimati mpaka pa mlatho, ndi m'mawa wa Lachiwiri lomwelo pamene ananditcha kamba chifukwa chochedwa kuwakwezera dengu pamutu. Amenewo ndiwo anali mkazi wanga, ndipo ndinkawakonda choncho. Koma ndinaona ngati zimenezo sizingawerengedwe pamaso pa ansembe ndi anthu ochokera kutali. Ndinachita nawo manyazi amayi ako, atagona m'nyumba osatha kudziyankhira. Ndiye ndinapita kwa akatekisiti, amene amasunga mapepala a maliro akale, n'kuwapempha kuti andionetse m'mene anthu amalembera. Anandibwereka mbiri ya malemu a Sabina, mayi wofatsa uja wa kwaya amene anamwalira chaka cha m'mbuyo mwake. Ndinakopera yonse, kusintha dzina, zaka ndi chiwerengero cha ana basi. Ine telala amene ndasoka zaka makumi atatu ndinawasokera amayi ako chovala chomaliza pa muyezo wa munthu wina. Za kwayazo sindinaziganizire n'komwe, dzanja linkangoyenda. Pepalalo ndinalipinda n'kupatsa amalume ako, ndipo iwo analitsegula koyamba ataimirira kale pagulu.

Choncho pamene unaseka, ine ndinadziwa bwinobwino chimene ukuseka. Manyazi anali anga. Ndinawanyamula kuchokera pabwalo paja mpaka kumanda, ndipo pobwera ndinawatula pamutu pako, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi amene anali atangotaya mayi ake. Pambuyo pake ndinalola amalume ako kusekedwa m'malo mwanga. Akatekisiti nawonso akudziwa, koma sananenepo kanthu. Mwezi uno ndayesa katatu kukuuza ndi pakamwa. Tsiku lija ndinakuitana kuti udzayese jekete kachitatu, jeketeyo inalibe vuto lililonse. Unaima pamaso panga, ine n'kungokonza kolala n'kukuuza kuti basi, yakhala. Amayi ako sanalakwitse ponditcha kamba.

Langizo la pamenepa ulipeze wekha, ine ndilibe nkhope yolinenera. Ndingoti chinthu chimene ndinkachiopa zaka zitatu chandithera masamba awiri okha, ndipo pamene ndikulemba pano m'chifuwa mwapepuka ngati ndatula thumba la chimanga.

Pali ntchito imodzi imene ndikukupempha. Chiliza cha amayi ako tagwirizana ndi amalume ako kuti tidzamange tikakolola, nthawi imene udzakhale uli pa tchuthi. Wozokota miyala wa ku Balaka ndamupatsa dzina ndi zaka zokha, ndipo ndamuuza kuti m'munsimo asiye malo. Anandionetsa mawu amene anthu ambiri amasankha, ndinakana. Ulendo uno sindibwereka za munthu wina. Mawuwo udzalembe ndiwe, amene unawadziwa amayi ako osachita nawo manyazi. Malo ake ndi a mizere iwiri yokha, ndipo ansembe adzawerenga, choncho za makondakitala uchepetseko.

Ukawerenga kalata iyi mwina ukwiya, ndipo uli ndi ufulu. Usadzikakamize kundiimbira msanga. Ukafuna kukhala mwezi osandilankhula, khala, bola uzilankhula ndi ena. Ine ndili pompano pakhonde, foni ili m'thumba la malaya, ndidzadikira. Ukadzafuna kulemba buku lina n'kuikamo telala wopusa amene anakopera mbiri ya mkazi wake, ulembe, ndipo ameneyo usadzamusinthe ntchito. Anthu a pa Phalula aseke, ine ndidzaseka nawo.

Mawa pamsewu ndikudziwa kuti sindinena zambiri. Ndikuuza kuti uyende bwino, usunge tikiti, ukafika utidziwitse. Ndiye ndinenere pano zimene pakamwa padzakane. Mawu aja ndinanena kuseri kwa nyumba ndikuwabweza, onse. Sunawachititse manyazi amayi ako. Pa anthu onse amene anadzaza bwalo tsiku lija, ndiwe wekha amene unakana kuti aikidwe ndi mbiri ya munthu wina. Unali mwana wanga pamene unkaseka paja, unali mwana wanga chaka chonse chimene unali chete, ndipo wolakwa ndinali ine. Pepa, Sitela.

Mulungu akutsogolere pa ulendo wako.

Ndine bambo ako.